Nazale ya zoyanga ya pa msewu wa Chileka: mmene ine ndaionera

Ngati muli mu Blantyre muno ndipo mukufuna chomera choti chiyange pa mpanda, pa khonde kapena pa thandala, ine ndingakutumizeni ku nazale ina yomwe ili m'mphepete mwa msewu wa Chileka, mukangopitirira Chirimba musanafike pa Kameza. Ilibe chikwangwani. Mudzaizindikira ndi chisakasa cha nsungwi chofundidwa ndi masamba a shushu, komanso mizere ya machubu akuda yotsetsereka mpaka ku kamtsinje komwe amatunga madzi. Eni ake ndi bambo wina wachikulire wa imvi mbuu, yemwe amagwira ntchito ndi akazi awo pamodzi ndi mnyamata wothirira. Ndakhala ndikugula kumeneko chilowereni m'nyumba yathu ku Machinjiri, ndipo zabwino zoti ndinene zilipo zambiri, ngakhale kuti zondidandaulitsa nazo zilipo.

Chomwe chinandipititsako ndi dzuwa. Chipinda chathu chochezera chinayang'ana kumadzulo, ndipo mu Okutobala khoma limatentha kuyambira masana mpaka usiku, moti ana ankakana kuchitira homuweki m'menemo. Poloti yathu ndi yaing'ono, mtengo wa mthunzi sungakwane popanda mizu yake kulowa pansi pa maziko, komanso mtengo umafuna zaka. Chomwe chikanandithandiza msanga chinali chinthu choyanga.

Nazale za m'mbali mwa misewu mumzinda muno zilipo zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimagulitsa zofanana. Chosiyana ndi iyi ndi funso lomwe bambowa amafunsa munthu asanatchule n'komwe mtengo wake. Ndinaloza bougainvillea wofiira, duwa loyanga la minga lija, yemwe anali kutsogolo, iwo n'kundiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, chikagwira pati chimenechi?" Ndinati pa khoma. Anafunsanso ngati khomalo ndi lopulasitala, ngati lili ndi waya, ngati linamangidwa ndi simenti kapena dothi, komanso kuti dzuwa limafikapo nthawi yanji. Kenako anandiuza mosabisa kuti bougainvillea sangakwere khoma losalala, adzangogwa chagada n'kudzaza njira ndi minga. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndi mbande zina zomwe sindinapitire, zotchipa kuposa yomwe ndinkafunayo. Wogulitsa yemwe akukuchotsa pa chinthu chodula n'kukulozera chotchipa, ine ndimamubwerera.

Kwathu ku Thyolo tikati zoyanga timaphatikiza zonse: maungu, mphonda, zipwete ndi mbatata zomwe zimayenda pansi, nyemba zokwera m'mapesi a chimanga, chilambe cha m'tchire, ngakhale chitedze chomwe aliyense amachidziwa ndi kuyabwa kwake. Bambowa nawo amatero, koma pa ntchito yawo amazigawa potengera kagwiridwe, ndipo ndi phunziro limeneli lomwe ndapindula nalo kwambiri kuposa mbande zenizenizo. Zilipo zomwe zimadzikulunga ndi thunthu lomwe, monga nkhungudzu ndi kamumpanda. Zimenezi zimafuna chinthu choima chochepa thupi, nsungwi yong'alula, chingwe kapena waya woimirira, ndipo mukazipatsa mzati wonenepa zimalephera kuuzungulira. Zilipo zomwe zimatulutsa tizingwe topotana togwirira, monga magalagadeya, shushu, chinkhupule ndi mpesa. Tizingweto sitingagwire thabwa kapena njerwa, timafuna waya, mauna a waya wa nkhuku kapena tinthambi. Bougainvillea ali payekha: sakulunga, alibe tizingwe, amangotsamira ndi kukola ndi minga yake, choncho mwini wake ayenera kumumangirira ndi kumuwongolera. Ndiye pali kachomera kena ka masamba ang'onoang'ono, ka mtundu wa mkuyu, komwe mumakaona kataphimba mipanda ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Kameneko kamamata pa khoma ndi timizu take, sikafuna waya n'komwe. N'kokongola, koma bambowa amachenjeza aliyense kuti tsiku lomwe mudzafune kukachotsa kadzachoka ndi penti, mwinanso ndi pulasitala. Ndinawamva akuuza mtsikana wina wa lendi kuti, "Achemwali, kayambeni mwafunsa alandilodi anu, musadzataye dipoziti chifukwa cha ine."

Pa khoma langa la kumadzulo anandilangiza kuti ndizike mizati ya bulugamu motalikirako pang'ono ndi khomalo, ndikoke mawaya pamwamba, ndibzale magalagadeya. Anati mpata wa pakatiwo ndi wofunika kuti mphepo izidutsa ndiponso kuti chinyezi ndi chiswe zisafike pa nyumba. Anandiuza kuti waya wapamwamba ukhale mamita awiri kuchokera pansi, mbande zitalikirane mamita atatu, dzenje lililonse likhale lalikulu ndipo ndisakanize dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana bwino. Anandionetsa ndi manja pa mbande ina momwe ndingasiyire mphukira imodzi yokha kuti ikwere chingwe mpaka pa waya, n'kumachotsa zam'mbali zonse, kenako ikafika pamwamba n'kuilola igawike mbali ziwiri kuti nthambi zobereka zizilendewera pansi. Izi amakuphunzitsani ulere mutaima pomwepo, ndipo sathamangira ngakhale pali makasitomala ena. Chaka chisanathe tinayamba kutola zipatso, ndipo chipinda chija chinazizira ndithu.

Magalagadeya omwe amagulitsa kwambiri ndi akuda aja, omwe khungu lake limafiirira n'kuchita makwinya akapsa. Mtundu umenewu unachokera ku South America, ndipo umakonda malo okwera ozizirirapo. Blantyre ali pa mtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndiye amachita bwino kuno kusiyana ndi ku Chikwawa kapena ku Nsanje, komwe achikasu ndiwo amapirira kutentha. Sathyoledwa, amagwa okha akapsa, ndiye m'mawa uliwonse pamafunika kutola dzuwa lisanawawambe. Maluwa ake amaitana mabemberezi. Ana anga poyamba ankafuna kuwapha chifukwa amaboola mizati, koma bambowa anawaletsa tsiku lina. Anati, "Ana inu, amenewa ndi omwe amanyamula ufa wa m'maluwa, mukawapha zipatso zichepa." Kuchokera pamenepo ana amawasiya.

Tsopano dandaulo langa lalikulu lili pa magalagadeya omwewa. Mbande zake zonse pamenepa n'zofesa kuchokera ku njere, palibe zomezanitsa. Zomezanitsa pa tsinde la achikasu zimapirira bwino matenda a m'nthaka omwe amafotetsa chomera chonse mwadzidzidzi, ndipo munthu wofuna kubzala zambiri ayenera kudziwa zimenezi asanagule. Ndinafunsa, ndipo anandiyankha moona kuti luso limenelo alibe, n'kundiuza kuti wofuna za ukadaulo wotero akafunse ku Bvumbwe, komwe kuli malo a boma ofufuzira za zipatso ndi ndiwo zamasamba. Chachiwiri, imodzi mwa mbande zomwe ndinagula inali ndi matenda kuchokera ku nazale komweko. Masamba ake anali opiringizika a mawanga achikasu, sinkakula ngati zinzake, ndipo zipatso zake zoyamba zinali zazing'ono, zolimba gwa, za khungu lochindikala, m'kati mopanda madzi. Amenewa ndi matenda oyamba ndi kachilombo komwe kamafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo alibe mankhwala. Chofunika ndi kuzula n'kutentha zisanapatsire zina. Ndinatengera nthambi ku nazale kukawaonetsa. Sanatsutse. Anapepesa, anandipatsa ina yaulere, ndipo ndili pomwepo anauza mnyamata wawo kuti achotse mbande zina zomwe zinkaoneka chimodzimodzi pa mzere umenewo. Ndinayamikira, komabe miyezi yomwe ndinathirira chomera chodwala sinabwerere, ndipo madzi a pa mpope mumzinda muno aliyense akudziwa mmene bilu yake imapwetekera. Mukamasankha, tembenuzani masamba muone kunsi, ndipo mbande ya masamba okwinyika muisiye ngakhale atakutsitsirani mtengo. Dziwaninso kuti magalagadeya si mtengo wa mango: pakapita zaka zitatu kapena zinayi amatopa, mumayenera kubzala ena.

Mbali ya nazaleyi yomwe ndimaikonda koposa ili kumbuyo, kumene makasitomala ambiri safikako n'komwe. Kumeneko ndi kwa mayi akunyumbako, ndipo n'komwe kuli zoyanga zodya. Amasunga shushu womera kale m'machubu aakulu. Shushu safesedwa ngati maungu: chipatso chili ndi njere imodzi yokha yomwe imamera ili m'kati momwemo, ndiye mumabzala chipatso chonse chopendekeka, osachikwirira chonse. Amafuna thandala lolimba chifukwa akayanga amalemera, ndipo tsinde limodzi lokha limatha kudyetsa banja ndi oyandikana nalo. Ine ndinamuika kuseri, pomwe pamathera madzi otsukira mbale, ndipo tsopano ndi mthunzi wochapirapo. Timamukazinga ndi tomato, timamuika mu nyemba, ndipo nsonga zake zanthete timaphika ngati nkhwani, zotendera.

Mayiwa amagulitsanso mbewu ya nkhungudzu ndi kamumpanda, yoyeza pa kapu, yosungidwa m'mabotolo okhala ndi phulusa kuti isafumbwe. Ndinaima nawo nthawi yaitali tsiku loyamba, chifukwa nkhungudzu ndi chakudya chomwe ndinakulira, ndipo sindinaganizepo kuti ndingazibzale pa mpanda m'tauni. Ndi mbewu yopirira chilala, mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo pomwe nyemba zina zonse zauma, mu Juni ndi Julayi, iyo imakhala ili yobiriwira, ikuchita maluwa ndi kubereka. Imawonjezeranso chonde m'nthaka ngati mbewu zina za mtundu wa nyemba. Kamumpanda dzina lake likunena kale pomwe amakhala. Mayiwa anandikumbutsa zomwe agogo anga ankachita, kuti nyemba zimenezi zikakhala zouma, makamaka zakuda ndi zamawanga, muzinyike, muziwiritse mokwanira n'kutaya madzi oyamba. Amalankhula mofatsa, amandiitana kuti "amayi a ku Machinjiri", ndipo nthawi zonse amawonjezera pang'ono pamwamba pa kapu. Chinkhupule nachonso chilipo, njere zakuda zija. Ichi n'cha nyengo imodzi, mumabzala ndi mvula yoyamba, chimayanga mofulumira kwambiri, ndipo zipatso zikauma pa tsinde mumasenda khungu, kukutumula njere, n'kukhala ndi chosambira ndi chotsukira mbale cha chaka chonse. Ine ndinasiya kugula masiponji a pulasitiki.

Apa mpomwe pali kusagwirizana kwanga ndi eni nazaleyi. Zinthu zimenezi amazibisa kumbuyo ngati n'zochititsa manyazi, kutsogolo n'kuika maluwa okhaokha. Ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo bambowa anati a magalimoto amaima akaona maluwa, palibe yemwe amaponda buleki chifukwa cha nkhungudzu. Ndikumvetsa, ndi malonda. Koma ambiri mwa ife okhala ku Machinjiri, ku Chirimba, ku Ndirande ndi ku Chilomoni tilibe dimba, tili ndi mpanda basi. Mpanda umenewo utha kutipatsa ndiwo miyezi yomwe masamba amakwera mtengo pa msika. Munthu wofika koyamba sangadziwe kuti zilipo ngati safunsa, ndipo ine ndikuona kuti nazale yomwe ikudziwa bwino zinthuzi ikanayenera kuziika poonekera. Mukapita, nenani kuti mukufuna kuona za amayi, akutengerani.

Maluwa nawo si oipa. Bougainvillea alipo wofiira, woyera, wa pinki ndi wa olenji, wodzala kuchokera ku nthambi zodula. Pambuyo pake ndinagula mmodzi wa pa geti, pomwe pali chitsulo chomangirirapo. Anandichenjeza kuti mizu yake ndi yosachedwa kuthothoka, choncho chubu muchicheke ndi lezala, osachikoka. Anandiuzanso kuti akagwira ndisamamuthirire kwambiri, chifukwa madzi ndi manyowa zikachuluka amangochita masamba, ndipo n'chifukwa chake mumzinda muno amakongola kwambiri nthawi ya chilimwe. Zomwe timati maluwa zija kwenikweni ndi masamba a mtundu, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera ka pakati. Anthu ambiri amamugulira minga yake kuti akuba asakwere mpanda, ndipo zimathandizadi, koma kumudulira ndi ntchito yofuna magolovesi. Alinso ndi golden shower, uja amatsanulira maluwa a olenji pa mipanda nthawi yozizira, pomwe chiperoni chakuta mzinda. Mpesa ulipo pang'ono, koma iwo eni sakulimbikitsani, akuti mphesa zimapsa nthawi ya mvula ndipo zimaola ndi chuku pokhapokha muzipopera mankhwala pafupipafupi.

Chenjezo lina lomwe amalibwereza kwa aliyense ndi la kulemera. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe matope anatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndipo mipanda inagwa m'madera ambiri a mzinda uno, bambowa safuna kugulitsa bougainvillea kapena golden shower kwa munthu yemwe mpanda wake ndi wa njerwa zomangira dothi. Akuti choyanga chikanyowa chimalemera, chimagwira mphepo ngati thanga la ngalawa, ndipo mpanda wofooka sungapirire. Amati muzike mizati yakeyake m'kati mwa mpanda, chiyange pamenepo. Pa za njoka, zomwe apongozi anga ankaopa kwambiri atamva kuti ndabzala zoyanga pafupi ndi nyumba, yankho lawo linali lakuti pansi pazikhala poyera, nthambi zisagwe pansi n'kupanga chiyangoyango, ndipo zisakwere pa denga. Ndimatsatira zimenezo, ndipo ndimadulira mvula ikatha.

Za mitengo yake: ulendo wanga womaliza mbande ya magalagadeya inali K2,000, shushu womera K1,500, bougainvillea kuyambira K3,500 kupita m'mwamba malinga ndi kukula kwake, ndipo kapu ya nkhungudzu K1,000. Musadalire manambalawa kwa nthawi yaitali. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, machubu ndi waya zakhala zikukwera, ndipo mbande zimatsatira. Amalola kunenerera mukagula zambiri. Ndalama amalandira pamanja komanso pa foni, Airtel Money kapena Mpamba. Manyowa a nkhuku owolerana amagulitsa pa thumba, ndipo ndi owoleranadi, sanatenthe mbande zanga. Mizati ndi waya alibe, mukagule kwina, ndipo bajeti yanu iganizire zimenezi chifukwa kwa ine zinadya ndalama zambiri kuposa mbande. Mizatiyo muipake oyilo wakutha kunsi kapena mugule yothira mankhwala, apo ayi chiswe cha kuno sichichedwa.

Zina zosasangalatsa n'zazing'ono koma zilipo. Palibe chomera cholembedwa dzina, ndiye bambowa akachokapo, mnyamata uja satha kusiyanitsa bougainvillea wofiira ndi woyera ngati alibe maluwa. Mnzanga wa ku tchalitchi anafuna woyera, analandira wa pinki. Gulani yemwe ali ndi duwa loonekera, kapena dikirani eni ake. Mbande zina zimakhalitsa m'machubu mpaka mizu kuboola pansi n'kulowa m'nthaka, ndipo akazizula zimafota kwa masabata. Nyamulani chubu musanalipire, ngati chikukanirira pansi sankhani china. Nthawi ya mvula njira yotsikira kumbuyo imaterera kwambiri, munthu wachikulire agwiridwe dzanja. Sakuperekerani katundu kunyumba, ndipo zoyanga m'minibasi zimathyoka nsonga anthu akamapanikizana, choncho tengani katoni kapena beseni, kapena mupangane ndi wa kabaza yemwe mumamudziwa. Poimika galimoto ndi pothina, ndipo msewu umenewu umakhala ndi magalimoto othamangira ku bwalo la ndege.

Nthawi yabwino yopita ndi kumayambiriro kwa mvula, mu Novembala kapena Disembala, kuti mbande zikagwire ndi madzi a kumwamba osati a bilu. Koma mizati ndi waya zikhale zitaima kale musanapite, chifukwa magalagadeya ndi shushu zikangoyamba kukula sizidikira, zimagwira chilichonse chili pafupi, kaya ndi chingwe choyanikira zovala kapena waya wa magetsi wolowa m'nyumba. Pitani m'mawa pakati pa sabata ngati mukufuna kucheza nawo mokwanira, poti Loweruka pamadzaza anthu ndipo Lamulungu satsegula. Jambulani khoma kapena mpanda wanu pa foni, mudziwenso mbali yomwe dzuwa limalowera, chifukwa adzakufunsani. Ine chaka chino ndikukatenga mbande zatsopano za magalagadeya zolowa m'malo mwa zoyamba zija, zomwe zayamba kutopa, ndipo mayi aja andilonjeza kundisungira mbewu ya mphonda zazitali khosi zopangira zikho.